Helemeti Yopanda Njinga

Ndapuma ntchito ya boma ndisanakalambe, ndipo anthu amandifunsa chimene ndimachita tsiku lonse. M'mawa ndimakhala kudimba. Dzuwa likakula ndimabwerera kunyumba n'kumalemba izi kuti inu ana anga, Tadala ndi Yohane, mudzawerenge. Za ubwana wanga ndazilumpha chifukwa mulibe chachilendo. Chimene ndikufuna mudziwe ndi mmene zinakhalira kuti mukulire m'nyumba mwanga osati kwa agogo anu. Tadala, zina ukuzikumbukira. Yohane unali wamng'ono kwambiri.

Lukwa, zaka zoyamba za ntchito

Nditamaliza maphunziro a zaulimi ku koleji ku Lilongwe, ananditumiza ku Lukwa monga mlangizi. Ndinafika ndi chikwama chimodzi, matiresi okulunga ndi chingwe, ndi nsapato zimene sizinakhalitse m'matope a kumeneko. Ntchito yanga inali kuyendera alimi a fodya: kuona nazale zawo, kuwakumbutsa kuti awokere mvula ikangokhazikika, ndi kulowa m'zigafa kuona ngati masamba akuuma bwino kapena agwidwa chuku. Ndinkayenda wapansi, nthawi zina panjinga yakapalasa yobwereka. Alimi ankanditcha alangizi, ngakhale amene anali amsinkhu wa bambo anga.

Amayi anu, Esinala, ndinawapeza m'chigafa cha azakhali awo akusoka fodya. Kwawo kunali ku Kapelula, ku Lukwa anangobwera kudzathandiza. Ndinalowa kudzaona masamba, koma ndinatuluka dzuwa litapendeka, alimi ena atatopa kundidikira. Chaka chotsatira tinakwatirana kutchalitchi, ndipo abale awo analola kuti ndiwatenge tikakhale m'nyumba ya boma m'malo moti ine ndikakhale kumudzi kwawo.

M'banja mwathu ntchito tinagawana popanda kukambirana. Denga likadontha inali nkhani yanga. Kupemphera kunali kwa amayi anu. M'mawa uliwonse, asanasonkhe moto, ankagwada pamkeka m'chipinda chochezera n'kupemphera mokweza, kutchula anthu mmodzimmodzi, mpaka mwana wa mnansi amene ankatsokomola. Ine ndinali wobatizidwa, Lamulungu ndinkapita kutchalitchi n'kukhala kumbali ya abambo, koma sindinapempherepo mokweza chibadwire. Gawo langa linali ameni wa kumapeto. Amayi anu ankandiseka. Tsiku lina akupinda mkeka anati, "Bambo a Tadala, ameni wanu ndi wamphamvu ndithu, koma tsiku lina mudzayambireko kumayambiriro." Ndinayankha kuti m'nyumba imodzi simufunika abusa awiri.

Kapelula, chaka chimene Yohane anabadwa

Anandisamutsira ku Kapelula, ndipo amayi anu anakondwa chifukwa kumudzi kwawo kunali kufupi. Dera linali lalikulu, choncho anandipatsa njinga yamoto pamodzi ndi helemeti yoyera. Njingayo inali itadutsa m'manja mwa alangizi angapo ine ndisanaigwire. Inkadontha oyilo, ndipo pamalo pamene ndinkaiimika, pansi pa mtengo wa mango, panachita banga lakuda. M'mawa sinkanyamuka usanaisiye ilire kaye kuti injini itenthe.

Mkulu wathu anali Bwana Kamanga, munthu wa kumpoto, wamfupi, wolankhula mofulumira. Sankakonda kukhala muofesi ku Boma. Ankangotulukira m'munda mwa mlimi n'kufunsa kuti mlangizi anafika liti. Akakana chinthu ankati "yayi", ndipo nkhani inkathera pomwepo. Sanali woipa mtima, koma katundu wa boma ankamusamala ngati wake.

Febuluwale, patapita zaka ziwiri

Amayi anu anadwala malungo nthawi yothyola fodya. Tinaganiza kuti ndi malungo wamba. Pamene tinkafika nawo kuchipatala ku Boma anali atasiya kulankhula, ndipo sabata isanathe anatisiya. Pa nkhani imeneyi ndilemba zokhazi.

Tinawaika kumudzi kwawo. Pa tsiku lometa, abale atasonkhana, mchimwene wawo wamkulu, malume anu a Gilibati, amene anali mkulu wa mpingo, anandipempha kuti nditseke ndi pemphero. Ndikhulupirira ankafuna kundipatsa ulemu. Ndinaimirira, anthu n'kutsinzina. Ndinatsegula pakamwa koma sipanatuluke kanthu. Ndinaima choncho mpaka mayi wina wachifundo anayambitsa nyimbo, ine n'kukhala pansi.

Madzulo ake a Gilibati anayamba nkhani ya ana. Mukudziwa mwambo wathu: ana ndi a kuchikazi, ndipo malume ndiye mwini mbumba. Anati mwamuna amene amachoka m'mawa n'kubwera dzuwa litalowa sangalere ana awiri aang'ono. Anawonjezera, mosakweza mawu, kuti mlongo wawo ankalera ana m'mapemphero, ndipo onse aona okha kuti nyumbayo tsopano ikhala chete. Amene anandipulumutsa ndi apongozi, agogo anu. Monga mwa ulemu wathu, iwo ndi ine sitinkayang'anizana kapena kulankhulana mwachindunji. Anakhala cham'mbali atayang'ana kumunda, n'kuuza a Gilibati kuti ana asatayenso bambo awo m'mwezi umene ataya mayi. Anati ana akhale ndi ine bambo wawo mpaka nthawi yondisudzula, pamene abale a mkazi amamasula mwamuna wofedwa, ndipo pamenepo adzaona chochita.

Ndinabwerera nanu ku nyumba ya boma. Mchemwali wanga anabwera kudzakhala nafe kuti azikusamalani masana. Ndinkadziwa kuti abale a amayi anu akundiyang'ana, ndipo ndinkadziwa chimene akuyang'ana.

Ndinayesa. Ndinayala mkeka uja, ndinakukhazikani pansi, ndinatsegula Baibulo la amayi anu. Kuwerenga ndinkatha. Koma ndikati ndipemphere, mawu anga ankamveka achilendo m'chipinda chimene chinazolowera mawu ena, ndipo ndinkalekera pomwepo. Tadala unkandiyang'ana ndi diso limodzi, lina utatsinzina. Patapita masiku ndinapinda mkekawo n'kuuika pamwamba pa kabati.

Nyengo yozizira, chaka chomwecho

Juni wa ku Kasungu mumamudziwa. M'mawa wina ndinaponda njinga kangapo isanalire, kenako ndinaisiya kuti itenthe. Ndinali nditavala helemeti n'kutsitsa galasi chifukwa cha mphepo. Ndinakhala pachishalo, manja m'khwapa, injini ikugunda. Ndiye ndinamva ndikunena kuti, "Ambuye, ndatopa." Palibe anamva, ngakhale ine ndinangomva pang'ono. Phokoso linameza zonse. Ndinadikira kuti mawu andithere monga kale, koma sanathe. Ndinanenanso kachiwiri, kenako ndinanyamuka kupita kukaona mabelo a mlimi wina.

Mawa lake ndinachitanso. Sindinakonze kuti chikhale chizolowezi. Njinga inkafunika kutenthetsa tsiku lililonse, ine ndinkakhala pomwepo tsiku lililonse, ndiye mawu ankabwera. Poyamba anali ochepa. Kenako ndinayamba kutchula maina monga ankachitira amayi anu: inu awiri, agogo anu, ndi alimi amene ndinkapita kukawaona tsikulo. Wina fodya wake anali atabwezedwa ku okushoni, wina mkazi wake anali woyembekezera, wina ankamwa zonse zimene wagulitsa. Ndinapeza kuti munthu amene ndamutchula m'mawa sindinkamukalipira masana monga ndinkachitira kale. Pambuyo pake ndinayamba kuwerenga ndime yaifupi ya m'Baibulo pakhonde ndisanavale helemeti, kuti ndikhale ndi poyambira. Masiku ena mumtima munkakhala mouma, ndipo ndinkangotchula mainawo ngati woitana ana a sukulu. Koma sindinkalumpha, kupatula Lamulungu.

Maina atachuluka, injini inkatentha ine ndisanamalize. Ndinkaisiya ilirebe.

Chaka chimenecho ndi chija mafuta anasowa m'dziko muno. Magalimoto ankagona pamizere ku Boma, ndipo petulo amene ofesi inkatipatsa anachepa kwambiri. Alangizi ena anayamba kuzimitsa injini potsetsereka. Ine njinga yanga inkalira itaima pakhomo, ndipo m'mawa phokoso limafika kutali. Bwana Kamanga anamva.

Anabwera yekha, atakwera galimoto ya fetereza. Anazungulira njinga, anagwada kuona banga la oyilo, kenako anandiyang'ana.

"Phiri, pansi pa mango pano pali mlimi amene umamulangiza m'mawa uliwonse?"

Ndinati injini ndi yakale, imafuna kutenthetsa.

"Yayi. Njinga iyi ndinayendapo ine iwe uli kusukulu. Imafuna kutenthetsa, inde, koma sifuna kuphikidwa."

Anandifunsa ngati pali chifukwa china. Anafunsa mofatsa, chifukwa pamaliro anabwera. Ndinangoyang'ana pansi. Sindikanatha kuuza bwana wanga kuti ndimapemphera m'phokoso chifukwa mawu anga amandiopsa. Anadikira, kenako anatambasula dzanja, ine n'kumupatsa kiyi. Njinga anaikweza pagalimoto, ndipo anandisiyira njinga yakapalasa. Helemeti anaiwala, inatsala pamsomali kukhonde.

Nyengo ya nazale

M'mawa woyamba wopanda njinga ndinawerenga ndime yanga, ndinapita pansi pa mango, ndinaima pa banga lija. Kunali zii. Ndinkamva nkhuku, ndinkamva chitsulo cha mjigo, ndinkamva mchemwali wanga akusesa kuseri. Ndinayesa kupemphera koma ndinalephera. Ndinaona kuti chinthu chimene chinandinyamula miyezi yonseyi chikuthera pamenepo. Ndinabwerera kukhonde, ndinatenga helemeti, ndinavala, ndinatsitsa galasi. M'katimo munali fungo lomwe lija la thukuta ndi fumbi, ndipo mawu anabwera.

Ndinapitiriza choncho. Sindinaganizepo za mmene zinkaonekera kwa munthu wodutsa: bambo wophunzira, wofedwa, ataima pabwalo m'bandakucha atavala helemeti popanda njinga, mutu ukugwedezeka. Akazi a aphunzitsi oyandikana nafe ankandiona popita kumjigo. Sanachite mwankhanza, ankadera nkhawa inu. Anauza mnzawo wa kumpingo kuti chisoni chawasokoneza mutu alangizi, akumakwera njinga yosaoneka. Nkhaniyo inayenda mpaka inafika kumudzi kwa amayi anu.

M'mawa wina ndili pakati pa maina, ndinamva dzanja likugogoda pa helemeti. Ndinatsegula maso. Anali a Gilibati. Njinga yawo anaitsamiritsa pamtengo, ndipo apongozi, amene anawakweza kumbuyo, anali atakhala kale pangodya ya khonde atayang'ana kumsewu. Pamiyendo pawo panali thumba lopanda kanthu, lopindidwa bwino. Ndinadziwa ntchito ya thumbalo: linali lodzanyamulira zovala zanu.

"Alamu, njinga ili kuti?" anafunsa a Gilibati.

Ndinakweza galasi n'kunena kuti ili ku Boma.

"Nanga mukupita kuti?"

"Sindikupita kulikonse."

"Ndiye chipewachi?"

Anapuma mozama, n'kuyamba kulankhula pang'onopang'ono monga timalankhulira ndi wodwala. Anati palibe akundiimba mlandu, chisoni chimadwalitsa ngakhale amuna olimba. Anati sakundilanda ana, koma sangadikirenso mpaka kusudzula. Akutengani lero lomwe, ine ndikaonane ndi adokotala, ndipo ndikachira tidzakambirana.

Pa ntchito yanga yonse ndinasankhapo zinthu zovuta, koma palibe chinandilemera ngati chimenechi, ngakhale kwa wina chingaoneke chaching'ono. Kwa Bwana Kamanga ndinakhala chete ndipo ndinataya njinga. Ndinaona kuti ndikakhalanso chete, mukwera njinga ya malume anu ine ndikuyang'ana.

"Ndimapemphera, alamu," ndinatero.

"M'menemo?"

"M'menemu."

"Mulungu ameneyu munamuphunzira ku koleji? Amafuna helemeti?"

Ndinayesa kufotokoza za injini ndi phokoso, koma zinkatuluka mosalongosoka, ndipo ndinaona pankhope pawo kuti ndikungoonjezera umboni. Pamenepo ndi pamene iwe Tadala unatulukira pakhomo, utafunda chitenje cha amayi ako.

"Amapempheradi, amalume," unatero. "Amayamba ndi ine, kenako Yohane, kenako agogo, kenako alimi. Inuyo mumabwera alimi akatha."

"Alimi akatha?" anatero a Gilibati.

"Eya. Koma sakuiwalani."

Unafotokoza kuti chichokereni njinga, zonse zinkamveka m'nyumba. Helemeti sinkabisa mawu monga ndinkaganizira, inkangonditseka makutu ine ndekha. Unati tsiku lililonse unkaima kuseri kwa chitseko kudikira kuti ndimalize, n'kunena ameni. Ndinachita manyazi kwambiri moti ndinafuna kutsitsanso galasi.

A Gilibati anakanda kumutu n'kuyang'ana kwa amayi awo. Apongozi sanatembenuke. Analankhula kwa mwana wawo, monga mwa nthawi zonse.

"Gilibati, afunse apongozi ngati dzina la mwana wanga limatulukako m'chipewamo."

Iwe Tadala unkadziwa yankho. Ife mumpingo wathu sitipempherera akufa, ndipo agogo anu ankadziwa bwino zimenezo. Chimene ankafunsa n'chakuti, pa zonse zimene ndinkauza Mulungu, kodi ndinamuuzapo za Esinala? Ndinali nditatchula alimi, ng'ombe zawo zodwala, ngakhale Bwana Kamanga. Dzina limenelo lokha ndinkalizungulira.

Sindinadikire kuti a Gilibati andifunse. Ndinati, "Ayi mayi, silinatulukepo." Aka kanali koyamba kuwayankha mwachindunji chikwatirireni mwana wawo.

Ndinamasula lamba wa pachibwano n'kuvula helemeti. Mphepo inandizizira m'makutu. Ndinaiika pansi, ndinatsinzina, ndipo ndinamva mawu anga onse, opanda chowaphimba.

"Ambuye, zikomo chifukwa cha Esinala. Anali wabwino kwa ine. Kuchoka kwake kukundipweteka. Ndithandizeni kulera ana ake."

Ndinalephera kupitiriza. Ulendo uno palibe anayambitsa nyimbo. Kenako ndinamva apongozi akunena ameni, a Gilibati n'kutsatira, ndi iwe pomaliza.

Apongozi anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, n'kuuza a Gilibati kuti nazale yawo sinathiriridwe, azipita dzuwa lisanakule. Anakuitana Tadala, anakupatsa thumba lija, n'kukuuza kuti utoleremo mango amene anagwa usiku. Analimanga kumbuyo kwa njinga. A Gilibati atakwera anatembenuka n'kunena kuti, "Alamu, mawa mundiikeko patsogolo pa alimi."

Atakhota pamsewu, ndinakhala pansi pa banga la oyilo. Yohane unatuluka uli ndi tulo m'maso, unanyamula helemeti ndi manja awiri n'kuivala, ndipo inakufika m'mapewa.

Kuyambira m'mawa wotsatira ndinatsitsa mkeka uja pakabati. Sizinakhale zophweka nthawi yomweyo. Masiku ena ndinkangonena ziganizo ziwiri, ndipo panali masiku amene ndinkayang'ana kumsomali. Koma nthawi inali yomweyo, maina anali omwewo, ndipo inu munali pamenepo. Nthawi yondisudzula itakwana, abale anasonkhana, anandimasula, anandiuza kuti ndikhoza kukwatiranso ndikafuna. Ndinadikira kuti a Gilibati ayambe nkhani ya ana. Anangondipempha kuti nditseke ndi pemphero, ndipo ndinatseka.

Mafuta atayamba kupezeka, Bwana Kamanga anandibwezera njinga. Nkhani inali itamufika kudzera kwa aphunzitsi aja. Pondipatsa kiyi anati, "Ukanandiuza, Phiri." Ndinafunsa ngati akanandisiyira. "Yayi, ndikanakulanda ndithu. Koma ndikanatenga ndi helemeti yomwe." Kuchokera pamenepo ndinkapemphera kaye m'nyumba, njinga n'kuitenthetsa pambuyo, mongokwanira.

Kasungu Boma, tsiku lopuma ntchito

Zaka zomaliza ndinagwirira ku Boma, kumene munaphunzira sekondale. Njinga ija inafa kalekale. Helemeti inayenda nafe pa msamuko uliwonse, m'katoni ya mapoto, ndipo inu simunafunsepo chifukwa chake.

Pa tsiku lomaliza ndinabweza makiyi a ofesi ndi katundu wina wa boma. Helemeti ndinaibweretsanso, chifukwa sinali yanga. Mayi wosunga katundu anaitembenuza, anaona galasi losweka ndi lamba woduka, n'kuseka. Anati palibe mlangizi angaivale, ngati ndikuifuna ndibwerere nayo kunyumba.

Ndinamuthokoza, ndinaiika pa shelefu, n'kumuuza kuti sindikuifunanso.